A Kaliyala, Munthu wa Michira ya Mawu

Sabata yatha tinapita kukalambula pamanda a a Kaliyala, poti chaka chakwana chiwaikireni. Ndinanyamula khasu lomwe lija ndinakumbira dzenje lawo. Ine ndine mdzukulu. Kwathu kuno, kuseri kwa Kachebere, maliro akagwa m'mudzi woyandikana nafe, okumba, onyamula ndi okwirira timakhala ife, ndipo mwambo umatilola kuseka pamene ena akulira. N'chifukwa chake anthu amati ndimakometsera nkhani. Sindikometsera. Zonse ndinene pano n'zoona, ndipo amene akanatha kunditsutsa ndinawakwirira ndekha, mmodzimmodzi.

Manda awo ali kumapeto kwenikweni kwa mzere, pamene manda amathera n'kuyamba munda wa chimanga. Kuti akagone pamenepo panali ntchito, chifukwa a Kaliyala sanali a m'mudzimo. Anali mkamwini, ndipo mkamwini, mkazi wake akamwalira, amamusudzula kuti azipita kwawo. Vuto la a Kaliyala linali lakuti ukawauza kuti azipita kwawo, analibe koloza.

Koma ndiyambe ndi zitsulo.

Dzina lawo laubatizo linali Filimoni, ngakhale ndikukayika ngati abusa omwe ankalikumbuka. Ankakhoma makaliyala a njinga pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wopita ku boda. Zida zawo zinali nyundo ziwiri, mvukuto wa chikopa cha mbuzi, ndi chidutswa cha njanji chimene ankasulirapo. Kaliyala yawo sinkatha. Njinga ndiyo inkatha, mwini wake n'kugula ina, n'kusamutsirapo kaliyala yomweyo. Wina wa geni ya shuga anapakirapo matumba mpaka tayala lakutsogolo linanyamuka ali pa Kachebere, ndipo linakagundanso pansi atafika ku Chipata. Kaliyalayo ilipo mpaka lero, yowongoka bwinobwino. Mwini wake ndiye anapindika.

Ankati njinga zonse n'chimodzimodzi: matayala awiri, tcheni, ndi munthu wotopa pamwamba. Chimene chimanena ntchito ya njinga ndi chomwe wamanga kumbuyo kwake. Ukaikapo khushoni, yasanduka kabaza. Ukaikapo dengu, ndi ya tomato. Ukamangapo thabwa ndi bulangete, ndiye ambulansi yathu yakumudzi. Akafika pamenepa ankaika nyundo pansi, ndipo amene ankawadziwa ankayamba kusuzumira kumsewu kufuna pothawira, chifukwa chotsatira chinali nkhani ya mawu. Mawu nawonso, ankatero, ali ndi zomangira kumbuyo. Iwo ankazitcha michira. Tenga gula. Ukalimangira mchira wina likhala gulitsa, ndipo amene amapisa m'thumba uja wayamba kutambasula dzanja. Ukamanga wina likhala gulira, wagula ndithu koma chinthucho si chako. Likakhala gulidwa, ndiye kuti mbuzi ndiwe. Mutu umodzi womwewo, koma pamsika paima anthu anayi osiyana.

Munthu wobwera m'mawa kudzakhometsa kaliyala ankachoka dzuwa litapendeka, kaliyala ili bwino, mutu ukuwawa. Ine anandigwira tsiku lina ndi ona, oneka, onetsa, onana, onetsetsa, mpaka kuiwala kuti ndabwera kudzasulitsa piki ya kumanda. Maliro anachedwa. Malemuwo sanadandaule. Unaliponso mchira wina umene ankati ndi wa anthu amiseche, uja wa kayendedwe, kavalidwe, kaphikidwe. Ankati munthu akangoutchula, dziwa kuti amene akunenedwayo wangochoka kumene.

Sukulu yawo inali pa boda. Mathiraki akaima pamzere kudikira mapepala, madalaivala amasowa chochita. A Kaliyala ankapitako masana ndi mtedza wophika m'thumba la jekete, n'kukhala mumthunzi wa tilela pamene dalaivala akuwiritsa tiyi pa kasitovu. Funso loyamba silinkasintha: kwanu kugula mumati chiyani, nanga kugulitsa? Wa ku Zimbabwe anawauza tenga ndi tengesa. Mbemba wa ku Kitwe anati shita ndi shitisha. Atumbuka a m'maesiteti anali atawapatsa kale gula ndi guliska, Ayao suma ndi sumisya. Tsiku lopeza mchira wotere ankabwerera akuyenda ngati munthu amene mbuzi yake yaswa ana atatu, akuimitsa aliyense kumuuza kuti kuyambira ku Mangochi mpaka ku migodi ya ku Zambia, wogulitsa ndi wogula yemweyo, angomumangira katundu kumbuyo.

Amene anawakhumudwitsa anali dalaivala wa ku Tanzania, wa thanki ya mafuta. Iye anati kwawo kugula ndi nunua, kugulitsa ndi uza. A Kaliyala anamufunsa mobwereza ngati sanaiwale. Tsiku limenelo moto sunayake pansi pa mango. M'mawa mwake anabwererako, ndipo Mswahiliyo, powamvera chisoni, anawapatsa funga ndi fungua, kutseka ndi kutsekula, mchira womasula zimene mutu wamanga, monga ife timachitira ndi vala ndi vula. Anawonjezera nyumba ndi nyumbani, kuti zimene ife timaika kutsogolo ponena kuti kunyumba, iwo amakoka kumbuyo. A Kaliyala anamufunsa munthu uja mpaka mapepala ake atatuluka, ndipo ndikulumbira pa khasu langa kuti ananyamuka akudziwa Chiswahili chochepa kuposa chimene anabwera nacho.

Chizungu ankachinyoza ndi kuchimvera chisoni nthawi imodzi. Ankavomera kuti chili ndi kamchira kamodzi kolimbikira ntchito, kamene kamasandutsa tichi kukhala ticha ndi dalaivi kukhala dalaivala, monga Apwitikizi amatengera kamiyao, galimoto yaikulu, n'kupanga kamiyonishita, woiyendetsa. Koma pa kugula ndi kugulitsa, ankati, Azungu ali ndi mawu awiri osadziwana n'komwe, ndipo n'chifukwa chake wogula fodya ku okushoni saona kuti wogulitsayo ndi m'bale wake. Chimene chinkawasangalatsa n'chakuti Chizungu chikangofika kuno timachigwira n'kuchimangira kaliyala yathu: kutchajitsa foni, kusayinitsa mapepala, kukiliyitsa katundu. Ankati nachonso n'chobwera ngati iwo, chiyenera kusenza.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankathawa: a Gelesomu, mlamu wawo, mchimwene wa mkazi wawo a Nabanda, komanso mwinimbumba wa banjalo. A Gelesomu khutu lawo lakumanzere linafa kalekale. Masana alionse ankabwera pansi pa mango ndi kampando kawo, n'kukhala molozetsa khutu lakufalo kwa a Kaliyala. Ankati amabwerera mthunzi.

"Alamu, mwamva za Abemba?"

"Sindinamve, ndipo ndikuthokoza Mulungu."

"Amati temwa, kukonda. Temwana, kukondana. Mswahili pendana. Mzulu thandana. Mchira womwewo, Alamu, kuchokera kuno mpaka ku Joni!"

"Ndiye mwapeza chiyani? Mphamvu ya mawu ili kumutu. Gula ndi mawu. Manga ndi mawu. Tanenani itsa payekha, tione ngati mwana angakubweretsereni madzi."

"Popanda itsa simukanagulitsa fodya."

"Ndi itsa wanuyo ndagulitsa fodya zaka zonsezi, taonani nsapato zangazi. Mchira ndi mkamwini basi. Umabwera pambuyo, umapeza zonse zilipo kale, koma phokoso ndiye lake."

"Mkamwiniyo ndi amene anakufolererani nyumba."

"Ikudontha."

Anakangana chonchi kuyambira ine ndisanayambe kuvala nsapato mpaka ndachita imvi. Wogontha uja sanaphonyepo liwu ndi limodzi lomwe.

A Kaliyala anafika kuno ali mnyamata, ngati tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Mavwere. Anaonana ndi a Nabanda kutchalitchi, ndipo pofuna kumanga ukwati anasowa nkhoswe. Anabwereka kapitawo wa pa esitetipo, amene anakhala pa mphasa ya akuchimuna tsiku limenelo, anadya nkhuku, ndipo fodya atagulitsidwa anapita osaonekanso. Palibe anafunsa zambiri. Mkamwiniyo ankalima, sankamwa, ndipo patapita zaka anamangira a Nabanda nyumba ya njerwa zootcha ndi malata, yoyamba m'mudzimo. Ana awiri amene anabadwa sanakhalitse. Manda awo anakumba ndi akuluakulu athu, ife tisanayambe. A Nabanda anali mayi wa mawu ochepa. Ankati mawu onse a m'nyumbamo anatenga bambo, iwo anangotsala ndi ee ndi ayi. Amuna awo akayamba za michira pa chakudya, ankangowasunthira mbale pafupi.

Inalipo ntchito ina imene ankagwira yosalipidwa, ndipo ndi imene ine ndinawadziwira bwino. M'maesiteti muno mumafa anthu akutali: wa ku Mzimba, wa ku Machinga, wa ku Phalombe, nthawi zina wa ku Zambia wongodzachita ganyu. Kutumiza thupi kwawo n'kosatheka, ndiye amapempha malo m'manda a mudzi wapafupi. Pamaliro pamafunika wolankhula m'malo mwa abale, koma nthawi zambiri m'bale amene alipo ndi wamasiye yekha ndi ana ake. Zikatero ankatuma njinga kwa a Kaliyala. Iwo ankavala jekete lawo lakuda, lofuwirira m'mapewa chifukwa cha dzuwa, n'kukaima kumutu kwa bokosi, n'kulankhula m'chinenero cha malemuyo ngati amalume ake. Ndinawafunsa tsiku lina, tikudikira kuti nyimbo ithe, kuti zinenero zonsezi anaziphunzira liti. Anati palibe chimene amachidziwa bwinobwino. Pamaliro, anatero, mitu ya mawu yofunika ndi yochepa: kubwera, kudwala, kusiya, kulira, kuthandiza. Ukadziwa imeneyo ndi michira yake, ukhoza kunena kuti munthuyu anatibwerera, anadwazidwa, watisiyira ana, tikumulirira, tiyeni tithandizane, ndipo wamasiye amamva ngati kwawo kwabwera munthu. Zolakwitsa zinalipo. Mayi wina wa Chitumbuka anaphulika kuseka pakati pa kulira. Koma titakwirira anawagwira dzanja osafuna kulisiya.

A Nabanda anamwalira nthawi yokumba mtedza, atadwala pang'ono chabe. Kuyambira pamenepo mchira womasula uja, umene kale ankaukonda kwambiri, a Kaliyala anasiya kuutchula. Titameta kachiwiri inakwana nthawi yosudzula. Anayala mphasa ziwiri pabwalo la nyumba ya malata ija, ina ya akuchikazi, ina ya akuchimuna. Ya akuchikazi inadzaza mpaka ena anakhala pa njerwa. Pa inayo panakhala a Kaliyala okha, ndi nkhuku imene inangodzibweretsa. A Gelesomu, amene anayenera kunena mawu omasula, anayang'ana mphasayo nthawi yaitali, n'kunena kuti munthu sasiyidwa mumsewu ngati galimoto yakutha, pamafunika abale ake omulandira. Nkhani inaimitsidwa. Chaka chotsatira anati bondo likuwawa. Chinacho anati mvula yachedwa, anthu mitima sili m'malo.

Amene kudikira kunamukwana anali Maliko, mwana wa mng'ono wawo wa a Nabanda. Musamuone ngati munthu woipa. Anatenga mkazi chitengwa, ndipo ankakhala ndi ana asanu m'kanyumba kaudzu kamene mvula ikamagwa ankatulutsa ana panja kuti asanyowe kwambiri. Malo kuno anatha; kulikonse kumene ungaloze ndi esiteti. Nyumba ya malata ndi dimba zinali pa malo a mbumba yawo, ndipo mkuluyo ankagona yekha m'zipinda zitatu. Maliko anaganiza kuti ngati vuto ndi abale, abalewo awapeza. Kumene a Kaliyala ankachokera sankakudziwa, monga tonsefe, koma anati anthu akwawo ayenera kukhala m'maesiteti momwemu. Anatumiza uthenga kudzera mwa akabaza, kuti Loweruka lakutilakuti abale a a Kaliyala abwere kudzalandira munthu wawo.

Ine ndinalipo, poti adzukulu sitiitanidwa, timangomva fungo la thobwa. Oyamba kufika anali Atumbuka a pa esiteti ya kuphiri, amuna ndi akazi, atavala za kutchalitchi. Maliko anamwetulira n'kuwalozera mphasa. Asanakhazikike kunatulukira Ayao pa njinga, pambuyo pawo Alomwe a cha ku Mavwere, fumbi mpaka m'nsidze, ndipo pomalizira Ansenga awiri ochokera kutsidya kwa boda. Mphasa ya akuchimuna sinakwane. Tinabwereka zina, kenako masaka, kenako chitseko cha khola. Anthu anachuluka mpaka agalu a m'mudzimo anasamukira kwathu, ndipo ena sanabwererenso.

"Uyu ngwithu," anatero mkulu wa Atumbuka, kutanthauza kuti munthuyo ndi wawo. "Anaika mchimwene wanga. Analankhula ngati wa ku Mzimba weniweni, kungoti lilime linakhalitsa kuno."

"Pepani bambo," anayankha mayi wina wa ku Machinga. "Pamaliro a amuna anga, bambo awa anaimirira ngati amalume. Ana anga mpaka lero amadziwa kuti ali ndi agogo pamsewu wa ku boda. Mukufuna ndikawauze kuti ndinawanamiza?"

Alomwe anati munthu wodziwa kupepesa chonchi sangachokere kwina. Ansenga sanatsutse aliyense, anangoti abwera ndi njinga ya kaliyala yabwino, akhoza kunyamuka naye lero lomwe. Maliko anali atasiya kumwetulira. Ankayembekezera m'bale mmodzi wokhala ndi mudzi. Anapeza mitundu inayi ikulimbirana nkhalamba imene iye amafuna kuichotsa.

A Gelesomu anawasiya akangane mpaka thobwa litazungulira. Kenako anafunsa, osakweza mawu.

"Tamva, ndi wanu nonsenu. Tsono amene mumutenge, mukamugoneka pati?"

Mkulu wa Atumbuka anayang'ana pansi, n'kunena kuti iwo amakhala m'zisakasa za bwana, ndipo bwana salola munthu wosagwira ntchito. Fodya akagulitsidwa, iwo omwe sadziwa kumene adzakhale chaka chamawa. Mayi wa ku Machinga anati kwawo anachokako ali mtsikana, munda wa amayi awo akulima ndi ena. Alomwe anati kwawo malo a munthu wamoyo kulibe, ngakhale wakufa amachita kumupanikiza. Ansenga aja anali a lendi ku Chipata, chipinda chimodzi. Aliyense anali wokonzeka kumutcha wake. Pomugoneka ndiye panalibe.

"Bambo," anatero Maliko, mawu ali otopa, "tithandizeni. Kwanu kwenikweni ndi kuti?"

A Kaliyala anali chikhalire, jekete lija lili pamaondo. Ndinayembekezera kuti ayamba za michira, ndipo tsiku limenelo lokha ndikanakondwa. Sanatero.

"Ndinabadwira pa famu, mwanawe, ku Rodeshiya. Bambo anga anali a kuno, koma mudzi sanandiuze, anafa ndili wamng'ono. Mayi nawo anabadwira pa famu ina. Titachoka apo tinapita pa famu inanso, kenako ku migodi, kenako ine kuno. Famu yoyambayo ndinamva kuti anaigawa. Kwathu kunali kumene kunali mayi ako aakulu. Ndiye ngati mukuti ndizipita kwathu, ndi uko." Analoza kumanda ndi chibwano. "Koma sindinakonzeke. Ndili ndi makaliyala a eni ake osamaliza."

Palibe anaseka, ngakhale ine amene ndi ntchito yanga.

A Gelesomu anadzuka. Kudzuka kwawo inali ntchito ya anthu awiri, koma anakana dzanja. Anaima pa mphasa ya akuchikazi n'kunena mawu a mwambo: kuti mlongo wawo anapita, kuti mkamwini anasunga banja bwino, alibe naye mlandu, ndipo kuyambira lero wamasuka. Nkhope ya Maliko inamasuka nayo. Kenako mkuluyo anatola kampando kake n'kuyamba kuwoloka bwalo. Bondo lija linalidi lowawa. Ulendo wa pakati pa mphasa ziwirizo unatalika moti mayi wina anayamwitsa mwana mpaka kugona. Atafika anagunda Mtumbuka mmodzi ndi ndodo kuti asendere, anaika kampando pambali pa a Kaliyala, n'kukhala moyang'ana kumene achokera.

"Ife akuchimuna tamva," anatero. "Tamulandira munthu wathu. Zikomo potisungira."

"Amalume!" Maliko anaimirira. "Zimenezi zinachitikapo kuti? Munthu mmodzi mphasa ziwiri?"

"Zachitika pano, iwe uli pomwepo."

"Nanga nyumbayi?"

"Nyumba tenga, ili pa malo a amayi ako. Dimba tenga. Koma uyu ndi mng'ono wanga. Akagona kwanga, ndipo akadzafa mudzamuika m'manda amene mudzandiike ine. Alipo ali ndi mawu?"

Anthu anali nawo mawu, koma anakawanenera kunyumba. A Kaliyala anatembenukira kwa a Gelesomu.

"Alamu..."

"Ulamu watha, simunamve? Ndipo musayambe zothokozazo. Nkhani ya itsa ija sitinamalize, mumafuna muthawe musanagonje."

Musaganize kuti zinatha mokoma. A Kaliyala anasamukira m'chigafa chakale cha fodya kuseri kwa nyumba ya a Gelesomu, chimene tinachitchinga ndi zidina. Munthu amene anamanga nyumba yoyamba ya malata m'mudzimo anamalizira pansi pa udzu wonunkha fodya wa zaka zakale. Akazi awo a a Gelesomu ankawapatsa chakudya, koma mbale inkafika pansi ndi phokoso. Achibale ena anasiya kupita ndi milandu yawo kwa mwinimbumba, ati anasankha mlendo kusiya mbumba. Tsiku lililonse popita kumsewu a Kaliyala ankadutsa pakhomo pa nyumba yawo yakale. Ana a Maliko ankawapatsa moni mwaulemu, iwo n'kuyankha osayang'ana mazenera.

Kenako kunabwera njinga zamoto, zobwera ndi kaliyala yake kuchokera ku fakitale. Ntchito inachepa mpaka mvukuto unauma n'kung'ambika. Ankapitabe pansi pa mango, a Gelesomu pambuyo ndi kampando, koma ku boda anasiya. Ankati madalaivala a masiku ano ukawafunsa liwu amafunsa foni. Chaka chomaliza ankayamba gula, gulitsa, n'kuima panjira akuyang'ana mathiraki. A Gelesomu ankadikira pang'ono, kenako n'kukalipa: "Gulira! Mwatsala ndi gulira. Zinthu zanu zomwe ndizikukumbutsani ndine?"

A Kaliyala anamwalira mvula yoyamba itangogwa, nthaka ili yofewa, zomwe ine ndinaona ngati ulemu kwa adzukulu. Matenanti anabwera ochepa. Ambiri a tsiku lija anali atasamukira ku maesiteti ena. Amene anabwera analankhula aliyense m'chinenero chake, ndipo panalibe womasulira. M'malo mwa abale analankhula a Gelesomu. Anati mng'ono wawo anali munthu wovuta, wosamva, wolakwa pa nkhani zambiri, kenako anakhala pansi. Pafupi ndi a Nabanda malo anali atadzaza kale, choncho tinakumba kumapeto kwa mzere. Maliko ananyamula nawo bokosi, ndipo sanalole kuti wina amulandire mpaka kumanda.

Pochokera kolambula sabata yatha ndinadzera kumsewu. Mtengo wa mango uja ulipo. Phulusa la pamoto linakokoloka, pamera chisoso. Nyundo anatenga anthu, koma chidutswa cha njanji chikadali pomwepo. Ogula zitsulo zakutha anayesa kuchinyamula, chinakana, ndipo ngolo imene anabwera nayo inathyoka chisanaikhudze n'komwe. Funsani aliyense. Pa nthambi pakadali waya umene ankapachikapo makaliyala otha kukhoma, ukungogwedera mathiraki akamadutsa. A Gelesomu anali pamenepo, pa kampando kawo, okhaokha. Amabwerabe masana alionse. Amati amabwerera mthunzi. Ndinawapatsa moni, ndinabwerezanso, sanandimve. Ndinali nditaima mbali ya khutu lakufa. Lamoyolo anali atalilozetsa ku njanji.